Za Anthu Owerenga Akabawi a Paulendo

Mundilole ndikambe nkhani imene mwina ena a inu mudzaiyesa ya anthu osowa chochita. Inenso ndinaiyesa yotero tsiku loyamba kuimva. Linali Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala chaka chatha, dzuwa lirikuswa mtengo, ndipo aphunzitsi athu a Jogalafe anatitulutsa m'kalasi chifukwa malata anali atatentha kosapiririka. Tiri chikhalire pansi pa mtengo wa mango, mnyamata wina analoza kumwamba nati, "Taonani akabawi!" Zinalidi mbalame zingapo zofiirira, zirikuzungulira pamwamba penipeni osakupiza mapiko. Aphunzitsi anatifunsa kumene mbalamezo zinachokera, ndipo tonse tinayankha kuti ku phiri. Iwo anaseka, natiuza kuti kapena zina mwa izo zinaswedwa ku Russia, ndiponso kuti ku maiko ena kuli anthu amene amakhala pamwamba pa phiri miyezi iwiri yathunthu, kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo ntchito yao ndi imodzi yokha: kuwerenga mbalame zoterezi pamene zirikudutsa.

Ndinadabwa kwambiri. Munthu akamawerenga ng'ombe zake ndimamumvetsa, pakuti ndi chuma chake. Nanga kabawi, wakuba anapiye, amuwerengerenji? Kwathu agogo anga akangoona chithunzithunzi cha mphamba pabwalo amakuwa ndi kuponya chiri chonse chimene chiri pafupi, ndipo ine, ndivomere, ndinakula ndi legeni m'thumba. Kudabwa kumeneku ndiko kunandichititsa kufunafuna nkhaniyi m'mabuku a ku laibulale ndi pa intaneti, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndirikulemba pano.

Choyamba timvane za nyengo. Anthu a ku Ulaya, a kumpoto kwa Asia ndi a kumpoto kwa America ali ndi nyengo ina imene Angerezi amaitcha autumn, ndipo m'chinenero chathu iribe dzina lenileni chifukwa ife tiribe nyengo yofanana nayo. Imayamba cha m'Seputembala nkutha m'Novembala. Masiku amafupika, masamba a mitengo amafiira nayoyoka, ndipo pambuyo pake pamabwera chisanu choopsa pamene dziko lonse limakutidwa ndi chipale chofewa. Musaganize kuti mbalame zimathawa kuzizira kokha, pakuti nthenga ndi chofunda chabwino ndithu. Chimene zimathawa ndi njala. Mbewa zimabisala pansi pa chipale, achule, abuluzi ndi njoka zimagona m'maenje, ziwala ndi mavu zimafa. Kabawi alibe nkhokwe. Chotero amanyamuka kulowera kumwera, ndipo akamafika kuno amapeza ife tirikuyembekeza mvula yoyamba, imene imatulutsa ngumbi, ziwala ndi tizirombo tina tosawerengeka. Amachoka pa njala nafika pa phwando.

Si mbalame zolusa zonse zimene timaziona ziri alendo ochokera kutali. Nkhwazi imakhala nafe chaka chonse. Mphamba wa mlomo wachikasu amayendadi maulendo, koma satuluka mu Africa. Alendo enieni ndi ena. Pali kabawi wofiirira amene Angerezi amamutcha steppe buzzard, amene amaswa m'nkhalango za ku Russia ndi maiko oyandikana nalo. Iye ndiye amene mumamuona atatera pa mtengo wa magetsi m'mbali mwa mseu kuyambira Okutobala kufikira Malichi, ali phee kuyang'ana pansi. Palinso ziwombankhanga za mitundu iwiri, china chochokera kum'mawa kwa Ulaya, ku maiko onga Poland ndi Latvia, china chochokera ku zidikha za Kazakhstan. Chimene chinandiseketsa nchakuti zimbalame zazikuluzi, zitayenda ulendo wonsewo, zikafika kumwera kwa Africa zimatera pansi pafupi ndi chulu ndi kumatola ngumbi monga nkhuku.

Tsono funso lenileni nali: kodi munthu angawerenge bwanji mbalame zimene zirikuchokera ku dziko lalikulu chotero? Yankho lake lagona pa kaulukidwe kao. Mbalame yaikulu ikamakupiza mapiko imatopa msanga, ndipo ikati iyende motero kuchokera ku Russia kufikira kuno ikhoza kufera panjira. Chotero imabwereka mphamvu ya dzuwa. Dzuwa likatenthetsa nthaka, nthaka imatenthetsa mpweya umene uli pamwamba pake, ndipo mpweya wotenthawo, popeza ndi wopepuka, umakwera monga utsi wa moto ngakhale suoneka ndi maso. Kabawi akaupeza amangotambasula mapiko nayamba kuzungulira m'kati mwake, ndipo umamunyamula mamita mazana ambiri. Akafika pamwamba amapindako mapiko pang'ono natsetsereka molunjika kumwera, kutsika pang'onopang'ono kufikira atapeza mpweya wina wokwera. Ulendo wonse amauyenda choncho, kukwera ndi kutsetsereka, kukwera ndi kutsetsereka.

Koma pamwamba pa nyanja mpweya wokwerawu ndi wofooka, chifukwa madzi satentha msanga monga nthaka. Nchifukwa chake mbalame zimenezi zimaopa nyanja zazikulu. Zikafika pa gombe zimalambalala kufunafuna pamene madzi achepa, monga momwe ng'ombe za midzi yambiri zimakumanirana pa dooko limodzi pooloka mtsinje. Tsegulani mapu a mu atilasi yanu ndipo madookowo mudzawapeza nokha. Pakati pa Spain ndi Morocco, pa Gibraltar, madzi ndi makilomita 14 okha. Pa Istanbul pali kamtsinje ka nyanja kotchedwa Bosphorus. Kum'mawa kwa nyanja ya Black Sea kuli mzinda wa Batumi, kumene mapiri ataliatali afika pafupi ndi gombe nasiya kampata kakang'ono. Kumwera kwake kuli Suez, ndiponso Bab el Mandeb pakati pa Yemen ndi Djibouti. Ku Mexico, m'chigawo cha Veracruz, mapiri ndi nyanja zapanikizana chimodzimodzi, ndipo kumeneko ndiko kumadutsa mbalame zolusa zochuluka koposa kwina kuli konse pa dziko lapansi, zoposa 4 miliyoni nyengo imodzi. Pamene zirikuswa, mbalamezi zimabalalika m'nkhalango, ziwiri apa, ziwiri uko, ndipo palibe munthu angathe kuyendera zisa zonse. Koma pa ulendo zimabwera zokha nizidutsa pamutu pa munthu amene wakhala pa malo oyenera.

Nyengo ya autumn imakomera owerenga pa chifukwa chinanso. Pa ulendo umenewu makolo amakhala kuti angomaliza kuswa, ndipo ana a chaka chomwecho nawonso ali m'njira. Nthenga za mwana zimasiyana ndi za wamkulu, motero munthu wozolowera amatha kudziwa ngati chaka chimenecho mbalame zinaswa bwino kapena ai. Mudzaona posachedwa chifukwa chake kanthu kakang'ono kameneka kali kofunika.

Ntchito imeneyi inayamba ndi mfuti, osati ndi pensulo. M'chigawo cha Pennsylvania ku America muli mtandadza wa mapiri wotchedwa Kittatinny, ndipo mphepo ikaomba pa mapiriwo imakwera nkunyamula akabawi, amene amatsata mtandadzawo kulowera kumwera. Pa malo ena amadutsa pafupi kwambiri ndi miyala ya pamwamba. Alenje anadziwa zimenezi, ndipo chaka ndi chaka anali kukwera ndi mfuti zao kukaombera mbalame mongosewera. Masiku amenewo anthu anali kuganiza monga agogo anga, kuti kabawi ali yense ndi mdani, kotero kuti m'chaka cha 1929 akuluakulu oyang'anira nyama m'chigawocho anaika mphotho ya madola 5 pa mtundu wina wa kabawi wotchedwa goshawk. Alenje sanali kusankha. Anali kuombera chiri chonse cha mlomo wokhota. M'chaka cha 1932 mnyamata wina, Richard Pough, anakwera phirilo, natola mitembo ya mbalame imene inali mbwee pansi pa miyala, naindandalika m'mizere, naijambula.

Zithunzizo zinafika m'maso mwa mai wina wa ku New York, Rosalie Edge. Iye sanataye nthawi ndi kudandaula. M'chaka cha 1934 anachita lendi maekala 1,400 a phirilo, naletsa kuomberapo, nalemba ntchito Maurice Broun kuti akhale mlonda. Mkazi wa Broun, Irma, ndiye anali kuima pa njira yokwerera ndi kubweza amuna okwiya onyamula mfuti, pamene mwamuna wake anali pamwamba pa miyala ndi kabuku kake, kulemba mbalame iri yonse yodutsa. Malowo anatchedwa Hawk Mountain, ndipo anakhala malo oyamba pa dziko lapansi opatulidwa kuti mbalame zolusa zitetezedwe. Kuwerengako kwapitirira chaka ndi chaka kuyambira 1934, kupatula zaka zitatu za nkhondo, 1943 mpaka 1945, pamene Broun anapita ku usilikali. Masiku ano amayamba pa 15 Ogasiti nalekeza pa 15 Disembala. Tsiku limene amalikumbukira koposa ndi la 14 Seputembala 1978, pamene anawerenga akabawi 21,448 a mtundu umodzi wokha dzuwa lisanalowe.

Mwina wina afunsa kuti, nanga manambala onsewo anathandiza yani? Tamverani. Anthu a ku America ali ndi nkhwazi yao ya mutu woyera, mbale wake wa nkhwazi yathu, ndipo monga ife tinaika yathu pa chizindikiro cha dziko, iwonso anatero ndi yao. Mwana wa nkhwazi imeneyi ndi wakuda thupi lonse, ndipo mutu wake umayera patapita zaka zinai kapena zisanu, motero Broun anali kulemba ana paokha ndi akulu paokha. Pakati pa 1935 ndi 1939, mwa nkhwazi 100 ziri zonse zodutsa pa phirilo, 40 zinali ana. Pakati pa 1955 ndi 1959 ana anatsala 20 okha mwa 100, ndipo m'chaka cha 1957 munali mwana mmodzi yekha pa akulu 32. Munthu woyang'ana kumwamba tsiku limodzi sakanaona cholakwika, pakuti akulu anali kuulukabe. Koma kabuku kanaonetsa kuti mtundu unalikutha chifukwa sunali kubereka. Mai wina wasayansi, Rachel Carson, anatenga manambala amenewa nawaika m'buku lake lotchuka la Silent Spring m'chaka cha 1962, pochenjeza anthu za mankhwala ophera tizirombo otchedwa DDT.

Mankhwalawa anali kuwazidwa m'minda ndi m'madambo kuyambira nkhondo itatha. Mvula inali kuwakokolola kunka nawo ku mitsinje, nalowa m'tizirombo ta m'madzi, kuchoka apo m'nsomba, ndipo potsiriza anali kuunjikana m'mafuta a mbalame yodya nsombazo. M'chaka cha 1967 Mngerezi wina, Derek Ratcliffe, anayeza zikamba za mazira akale osungidwa ndi za mazira atsopano, napeza kuti zatsopano zinali zopyapyala. Make akafungatira, dzira linali kuphwanyika. Pofika 1963, m'zigawo 48 za United States munatsala mabanja a nkhwazi 417 okha odziwika. Boma lao linaletsa DDT m'minda m'chaka cha 1972, ndipo pofika 2007 mabanja anali pafupifupi 10,000. Broun poyamba kulemba mu 1934 sanadziwe konse kuti kudzabwera mankhwala otere. Iye anangolemba mokhulupirika zimene anaona.

Koma malo amene ine anandikoka mtima koposa ndi Batumi, m'dziko la Georgia, chifukwa ena mwa akabawi odutsa kumeneko ndi omwewo amene amadzatera pa mitengo ya magetsi kuno kumwera kwa Africa. Kuwerenga kwa chaka ndi chaka kunayamba kumeneko mu 2008, ndipo amene anakuyambitsa anali anyamata a ku Belgium, osatiposa ife ndi zaka zambiri. Anasankha zitunda ziwiri, china pa mudzi wa Sakhalvasho pafupi ndi nyanja, china pa Shuamta cha kumapiri. Kuyambira pakati pa Ogasiti kufikira pakati pa Okutobala anthu odzipereka ochokera ku maiko ambiri amakhala pa zitundazi tsiku ndi tsiku, ndipo zaka zambiri chiwerengero chimapitirira 1 miliyoni. Mitundu imabwera mosinthana ngati makalasi opita ku holo yodyera. Kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala kumadza kabawi wodya ana a mavu, amene Angerezi amati honey buzzard. Kumapeto kwa Seputembala kumadza mnzathu uja steppe buzzard pamodzi ndi ziwombankhanga. Tsiku lina la Okutobala 2014 zinadutsa mbalame zoposa 250,000.

Taganizani anzanga, 250,000 tsiku limodzi! Ife timalephera kuwerengana bwino pa asembule. Nanga iwo amachita bwanji? Lamulo loyamba ndi lakuti usawerenge mbalame pamene zirikuzungulira. Zikalowa mazanamazana mu mpweya wokwera zimapiringizana, zina kukwera, zina kubisika kumbuyo kwa zinzake. Anthu a ku America amatcha gulu lotere ketulo, chifukwa limaoneka ngati madzi owira. Wowerenga amadikira kufikira zitafika pamwamba ndi kuyamba kutsetsereka, pakuti pamenepo zimatuluka mondondozana monga mtsinje. Amasankha chizindikiro chimodzi, kaya nsonga ya phiri kaya mtengo wautali, nawerenga zimene zirikupyola pamenepo. Zikakhala zochepa amawerenga imodziimodzi. Zikachuluka amayamba wawerenga khumi kuti diso lidziwe kukula kwa kagulu ka khumi, ndipo kenaka amawerenga timagulu; zikachulukitsa amawerenga makumi asanu kapena zana nthawi imodzi. M'dzanja amagwira kamakina kakang'ono kodina ndi chala chachikulu, kamene kamasunga nambala, kuti maso asachoke kumwamba. Owerenga amagawana thambo, uyu kumadzulo, uyu pamutu, uyo kum'mawa, ndipo wina amakhala mlembi, kulemba nthawi, mtundu, nambala, ndi mbali imene mbalame zadutsira. Zitunda ziwirizo zimalankhulana pa wailesi ya m'manja kuti gulu limodzi lisalembedwe kawiri.

Kuzindikira mtundu ndiyo ntchito yovuta koposa, chifukwa mbalame iri patali imangooneka ngati kadontho kakuda ngakhale m'magalasi oonera patali. Sayang'ana maonekedwe a nthenga okha ai, koma kutalika kwa mchira, kukula kwa mutu, mmene mapiko aimira, ndi kakupizidwe kake, monga momwe ife timazindikirira mnzathu ali kutsidya kwa bwalo la mpira chifukwa cha kayendedwe kake. Ndipo pali lamulo lina limene ndinalikonda: ngati sunazindikire, lemba kuti sunazindikire. Pa pepala lao pali malo a mbalame zosadziwika mtundu, ndipo kulembapo si manyazi. Manyazi ndi kulota dzina kuti uoneke wodziwa. Ndikanakonda lamulo limeneli likanalowanso m'makope athu a ku labotale, kumene ena a ife timalemba yankho la m'buku m'malo mwa chimene taona pa sikelo.

Amalembanso maola amene akhala pa chitunda, chiwerengero cha anthu oyang'ana, kumene mphepo irikuchokera, ndi kuchuluka kwa mitambo. Chifukwa chake nchosavuta. Ngati chaka chino munali anthu khumi ndipo chaka chatha munali awiri, kapena chaka chino munakhala maola khumi pa tsiku ndipo chaka chatha asanu, kuchuluka kwa nambala sikutanthauza kuti mbalame zachuluka. Zachuluka ndi maso. Iwo eni amavomereza kuti saona mbalame zonse, pakuti zina zimadutsa m'mitambo, zina kuseri kwa phiri. Ntchito yao ikufanana ndi ya munthu woyeza madzi a m'chitsime ndi ndodo. Ndodo siuza munthu kuti muli zidebe zingati, koma akagwiritsa ndodo yomweyo, pa chitsime chomwecho, mwezi womwewo chaka ndi chaka, adzadziwa ngati madzi alikuphwa. Chaka chimodzi sichinena kanthu, chifukwa mphepo ikhoza kupatutsa mbalame. Pamafunika zaka khumi kapena makumi awiri. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ku Batumi nakonso kuli mfuti. Lamulo la dzikolo limaletsa kuombera mbalame zolusa, komabe alenje a m'midzi amapha zikwi zingapo nyengo iri yonse, ena nkumadya. Palinso mwambo wakale wosiyana ndi umenewu, wogwira timphamba tating'ono ndi ukonde, kutiweta, ndi kutiphunzitsa kugwira zinziri. Owerenga aja sanasankhe njira yokangana ndi eni mudzi. Amagona m'nyumba za anthu a pamudzipo ndi kulipira chakudya ndi malo ogona, amacheza ndi alenje, ndiponso amaphunzitsa ana a sukulu, kotero kuti mabanja ena tsopano amapeza ndalama chifukwa cha mbalame zamoyo.

Sindingathe kusiya osatchula kambalame kamodzi kamene kamaphwanya lamulo lonse ndanena lija la kuopa nyanja. Dzina lake ndi Amur falcon, kolemera ngati magalamu 150, ndipo kamaswa kum'mawa kwa Russia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China. Mapiko ake ndi osongoka, motero sikadalira mpweya wokwera koma kamakupiza. M'Okutobala ndi Novembala timbalameti timasonkhana tambirimbiri ku Nagaland, kumpoto cha kum'mawa kwa India, kudya ngumbi kuti tinenepe; kenaka timadutsa India ndi kuoloka nyanja makilomita ngati 3,000 osatera, kufikira ku Somalia, ndi kutsikira kumwera kupyola maiko athu ano. M'chaka cha 2012 kunadziwika kuti pafupi ndi mudzi wa Pangti, pa damu la Doyang, anthu anali kutchera maukonde pa mitengo yogonamo timbalameti ndi kugwira toposa 100,000 chaka chimodzi kukagulitsa ngati ndiwo. Chaka chotsatira, 2013, akuluakulu a midziyo anagwirizana zoletsa, ndipo ena amene anali kutchera anasanduka alonda. Chaka chomwecho atatu mwa timbalameti anativeka timakina tolankhula ndi setilaiti, ndipo anthu anatha kutsatira ulendo wa ku Africa pa mapu tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndiulule zathu. Nditawerenga zonsezi ndinatentha mtima, ndipo ndinakopa anzanga anai a m'kalabu yathu ya zachilengedwe kuti tikayese pa phiri la kuseri kwa sukulu. Aphunzitsi anatibwereka magalasi ao oonera patali, amene diso lake limodzi ndi long'aluka. Loweruka loyamba tinanyamuka mbandakucha, poganiza kuti mlenje wabwino amalawira. Kumeneku kunali kulakwa koyamba. Tinakhala maola atatu osaona kanthu koma akhungubwe, chifukwa nthaka inali isanatenthe ndipo panalibe mpweya wonyamula kabawi. Awiri anatopa napita kukathyola mango osapsa. Cha m'ma 9 koloko mbalame zinayamba kukwera, ndipo ine ndinalemba mwachangu ndi mokondwa. Pofika masana ndinali ndi 31, koma mnzanga amene anakhala pambali panga anali ndi 9. Tinakangana njira yonse yotsika, ali yense kunena kuti mnzake ali ndi maso oipa.

Lolemba tinakatula mlandu kwa aphunzitsi. Iwo anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi mbalame zako zinapita kuti utaziwerenga?" Ndinasowa chonena. Zoona zake nzakuti sizinapite kuli konse. Ndinali kuwerenga pamene zirikuzungulira, lamulo lomwe ndinaliwerenga ndekha m'buku, ndipo iri yonse ikabisika kuseri kwa phiri nkutulukanso ndinali kuilemba ngati yatsopano. Choposa apo, zambiri mwa izo zinali amphamba athu omwe, amene amayendera dzala la ku khitchini ya sukulu tsiku ndi tsiku. Ndinali nditalemba eni mudzi m'buku la alendo. Kuyambira pamenepo tinapangana kuti tidzalemba mbalame yokhayo imene yakwera, yalunjika kumwera, ndipo taitsata ndi maso kufikira itazimirira. Pa Maloweruka awiri otsatira zoterezo zinali zochepa kwambiri, ndipo theka lake tinalemba kuti zosadziwika.

Sindibisa, phiri lathu si Batumi. Mbalame zikaoloka madooko aja ndi kulowa mu Africa zimabalalikanso, chifukwa kulibe nyanja yozipanikiza, motero ife sitidzaona mtsinje wa akabawi pamutu pathu. Koma aphunzitsi anatisonyeza zina zimene tingathe kuchita ndi pensulo yokha. Tikhoza kulemba tsiku loyamba kuona kabawi wofiirira uja chaka chiri chonse ndi tsiku lomaliza. Tikhoza kuyenda mseu womwewo wochoka pa geti kufikira pa mlatho kamodzi pa sabata, pa ola lomwelo, ndi kulemba amene atera pa mitengo ya magetsi. Tikhoza kulemba zimene zimabwera madzulo a tsiku lotuluka ngumbi. Imeneyinso ndi ndodo yoyezera chitsime, malinga ngati siisinthidwa.

Pa tchuthi ndinayesa kufotokozera agogo zonsezi. Ndinawauza kuti mphamba amabadi anapiye, sindikana, koma kabawi wa ku Russia amadya makamaka mbewa, abuluzi ndi ziwala, ndipo kambalame ka ku Amur kamadya tizirombo, motero wopha zimenezi alikupha alonda a munda wake. Agogo anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anandiyankha kuti iwo alibe nthawi yofunsa kabawi pasipoti yake pamene anapiye ali pabwalo. Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo m'malo mwa kutsutsana nao ndinadula nsungwi ndi kuwamangira kakhola kotchinga pamwamba. Legeni yanga ndinaipereka kwa iwo kuti asunge. Akuti amamangira thumba la ufa.

Vuto limene latsala ndi ili. Okutobala akubwerayu ndidzakhala mu Fomu 4, ndipo anzanga anai aja chimodzimodzi, kotero kuti pambuyo pake palibe adzatsale wodziwa pamene tinali kukhala ndi mmene tinali kulembera. Nchifukwa chake tikufuna makamaka ana a Fomu 1 ndi Fomu 2, anyamata ndi atsikana omwe. Kope lathu lachikuto chobiriwira liri m'kabati ya ku labotale, ndipo pa tsamba loyamba tinajambula mwala umene timakhalapo ndi mtengo umene timawerengera. Tidzakumana pa geti Loweruka loyamba la Okutobala nthawi ya 8 koloko, osati mbandakucha. Mubwere ndi botolo la madzi, chipewa, ndi pensulo, pakuti inki imafufutika ndi thukuta.